A Lumo, Wometa Amene Anakana Teni

Achimwene anga ndi ometa tsitsi. Dzina lawo lenileni ngakhale ine mlongo wawo ndimachita kulifufuza m'mutu, chifukwa msewu wonse umawadziwa kuti a Lumo. Babashopu yawo ndi kachipinda kamodzi: mpando umodzi, galasi lothetheka pakona, wailesi yofuna kuimenya kaye kuti ilankhule, ndi benchi ya anthu anayi imene Loweruka inkanyamula ngakhale asanu ndi awiri. Ine ndimasoka pakhonde la kachipinda komweko. Choncho zomwe ndikunenazi si za kandimverere. Ndinali pompo, phazi lili pa makina.

Munthu wosalonjeza ngati achimwene sindinamuonepo. Mukawafunsa kuti muli bwanji, yankho lake ndi "Tikuyesera." Mukawauza kuti mwameta bwino, amati mutu wake ndiwo wabwino. Kasitomala akatsanzika kuti tionana mawa, iwo amamuwonjezerera kuti "Akalola," chala chitaloza kudenga. Ndipo m'kamwa mwawo munalibe chitonzo chachikulu kuposa mawu oti wodzikhulupirira. Dalaivala akagubuduza minibasi, anali wodzikhulupirira. Goloboyi akachinyitsa chigoli chachibwana, wodzikhulupirira. Ineyo ndikadula nsalu ya munthu osayeza kawiri, ndinkamva kuchokera m'katimo: "Achemwali, kudzikhulupiriratu kumeneko."

Alamu anga atamwalira, achimwene anakayezetsa magazi ndipo anawapeza ndi kachilombo. Papita zaka zoposa khumi tsopano. Kuyambira tsiku lomwe anawapatsa ma-ARV, sindikudziwa m'mawa umene anatsegula babashopu asanamwe. Botolo ankalisunga m'chitini chakale cha paudala, mu dirowa ya pansi pa galasi. Ankafika, kutseka chitseko, kumwa, kenako n'kutsegula kuti ayambe kusesa. Maliro, ukwati, malungo, mvula, zonse zinkapeza atamwa kale. Magazi akawayeza, ankawauza kuti tizilombo sitikuonekanso.

Nkhaniyi tinkaidziwa anthu atatu: iwo, ine, ndi mlangizi wa kuchipatala. Wina angati n'chifukwa chiyani kubisa masiku ano, anthu ambirimbiri akumwa mankhwala omwewa. Amene anganene choncho sanagwirepo lumo pakhosi pa munthu. Telala akadwala, anthu amabwerabe ndi mathalauza awo ong'ambika. Wometa ayi. Achimwene ankatsuka makina ndi sipiriti pamaso pa kasitomala, lezala ankatsegula yatsopano pa mutu uliwonse, komabe ankadziwa kuti mantha a anthu samva sipiriti. Chinsinsi chimenecho ndicho chinkadzaza benchi ija.

Mlangiziyo ndi yemwe anawauza zotsatira tsiku loyamba lija, atawagwira dzanja. Sanali dokotala, koma achimwene ankamutchula Dokotala, ndipo iye sankakana. Anasanduka bwenzi la ponda apa nane mpondepo. Loweruka lililonse lachiwiri ankabwera kudzameta, ndipo ndi yekhayo amene sankakhala pamzere. Ankakangana za mpira mpaka thovu kukamwa. Ndi iyeyo amene anawalimbitsa mtima pomwe ankafuna kusiya ntchito poopa kupatsira anthu. Anawauza kuti, "A Lumo, makina anuwa sangapatsire munthu. Onani, mutu wangawu ndikukupatsani ndekha." Mawu amenewo achimwene anawasunga ngati vesi. Inenso ndinkamukonda munthuyo, ndinamusokerapo malaya awiri okhala bwino kwambiri.

Tsiku lina lolandira mankhwala ndinawaperekeza, monga ndinkachitira ntchito ikachepa. Tinalowa m'kachipinda ka Mlangizi, kamene kali ndi sikelo pakhomo ndi zenera losatseguka. Patebulo panali zachilendo ziwiri: foni yaikulu yolemberamo, ndi chikatoni chojambulidwa makwerero. Anatifotokozera kuti kwabwera bungwe lina lochita kafukufuku, lofuna kudziwa mmene anthu amadzionera pa nkhani yomwa mankhwala mosadumphitsa.

"Mafunso ochepa chabe," anatero Mlangizi. "Zonse zithera m'chipinda muno. Pa makwererowa, pansi ndi ziro, pamwamba ndi teni. Funso loyamba: mukudzikhulupirira bwanji kuti mudzamwa mankhwala tsiku lililonse, ngakhale mutakhala pa ulendo?"

Achimwene anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mnzawoyo. "Dokotala, ndakulakwirani chiyani kuti munditukwane m'mawa uno? Ine wodzikhulupirira?"

"Ayi, a Lumo, si kudzikhulupirira kwa madalaivala anu aja. Akutanthauza kuti mtima wanu ukukuuzani kuti mungathe?"

"Ndiye alembe choncho. Apa mwawerenga kuti kudzikhulupirira."

"Ndi mmene anamasulira, ine sindingasinthe. Ingolozani. Inuyo ndi teni, aliyense akudziwa."

"Teni?" Achimwene anabweza dzanja ngati chikatonicho chikutentha. "Teni ndi ya Mulungu. Munthu woti sakudziwa ngati adzuke mawa aloze teni?"

"Naini ndiye."

"Naini ndi ya angelo. Eyiti ndi ya amene anamwalira kale, chifukwa iwowo sangaphonyenso kanthu."

Mlangizi anaseka mpaka kuvula magalasi. Nanenso ndinaseka, ndisaname. Chala cha achimwene chinatsika makwerero aja pang'onopang'ono, chinadutsa pakati, n'kukaima pa folo. Anati pamenepo ndiye pa munthu woyesera. Mafunso anapitirira: nanga mutatanganidwa, nanga mutakhumudwa, nanga mankhwala atakuchititsani nseru. Yankho linali folo yemweyo. Pa funso loti nanga pafupi patakhala anthu osadziwa, anatsikira pa fili.

Nditaona Mlangizi akudina manambala aja mufoni, kuseka kunandithera. "Mukulemba zimenezo? Munthuyu mukumudziwa, sanadumphitsepo."

"Achemwali, musadandaule," anatero, maso ali pafoni. "Izi n'za akuluakulu a m'maofesi, amangofuna manambala. Palibe chomwe chimachitika."

Ndimafuna mawu amenewo muwamve bwino, chifukwa ine amandilirabe m'khutu. Palibe chomwe chimachitika. Pomwe ankanena choncho n'kuti akudziwa kuti aliyense wotsika pansi pa sikisi amalowa m'gulu la anthu ofunika kuwayendera kunyumba. Ankadziwa, ndipo anatitsanzika akumwetulira.

Chakudza sichiimba ng'oma. Linali Loweruka chakum'mawa, benchi itadzaza mpaka ena kuimirira pakhonde panga. Pampando panali wabucha wa pamsewu pathu, mutu utametedwa mbali imodzi, akusimba nkhani ya ng'ombe yomwe inamuthamangitsa. Njinga yamoto inaima pafupi ndi makina anga. Anatsika mayi wina wansangala, chikwama kumsana, atavala tisheti yoyera ya kariboni kofiira pachifuwa, ndi mawu akuluakulu kumsana olimbikitsa kumwa mankhwala. Anali atafikira kunyumba, n'kupeza kotseka, ndipo aneba anamulozera kuntchito.

Mayiyo sindimuimba mlandu waukulu. Anayesetsa. Anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Bambo ometa, tingalankhule pambali?" Koma m'kachipinda kamodzi mulibe pambali. Achimwene, ndi ulemu wawo uja, anazimitsa makina kuti amve bwino mlendo. Wailesi nayo tsiku limenelo inali itanyanyala. Ndiye mawu omwe mayiyo ankaganiza kuti akunong'ona anamveka mpaka kwa ine panja.

"Ndachokera kuchipatala, ku ma-ARV. Akuti mukuvutika kumwa mankhwala. Botolo muli nalo pano, tiwerenge?"

Bongololo sadzolera mafuta pagulu, koma achimwene tsiku limenelo anadzoletsedwa. Sanakane, sanakalipe. Anatsegula dirowa, kutulutsa chitini cha paudala, n'kupereka botolo ndi manja awiri. Mayiyo anakhuthulira mapilitsi pa kambale, pashelefu pomwe pamakhala zipeso, n'kuwerenga ndi kamtengo. Atamaliza anakweza mutu modabwa. "Koma bambo, inu simunadumphitse ngakhale limodzi." Apo m'pamene anayang'ana benchi, n'kuzindikira chomwe wachita. Ananyamuka mwamsanga moti anaiwala kutseka chikwama.

Wabucha anali akusisita kuseri kwa khosi lake, kenako n'kuyang'ana zala. Munthu amene tsiku lonse amakhala m'magazi mpaka m'zigongono! Anapirira mpaka achimwene kumumaliza, atauma ngati wojambulitsa chithunzi, ndipo nkhani ya ng'ombe sinathe. A pabenchi nawo anayamba kukumbukira zinthu. Wina anasiya madzi akutuluka pampopi. Wina mafoni amene sanalire anayamba kumuyankhulitsa. Mayi amene anabwera ndi ana awiri anati akagule kaye sopo. Pofika masana, benchi ya anthu anayi inali ndi malo a anthu anayi.

Sabata zotsatira ndinaona mmene msewu umadyera munthu wake. Palibe anabwera kudzatukwana. Moni ankapereka, ena mpaka kufunsa kuti thupi lili bwanji, ndi mawu ofewa aja a pamaliro. Koma tsitsi ankapita nalo kutsidya kwa msewu, kwa wometa wina amene makina ake amawatsuka pongowauzira mpweya. Kenako kunabuka mphekesera yoti a Lumo amadzicheka dala chala asanamete munthu. Amene anayambitsa sindikumudziwa, ndipo ndi mwayi wake. Otsala anali nkhalamba ziwiri zosamva bwino ndi makaniko wina wouma mutu amene anati iye anaona zoopsa kuposa lezala. Achimwene ankafikabe m'mawa, kutseka chitseko, kumwa, kutsegula, n'kusesa pansi popanda tsitsi. Ndinkamva tsache lija ndili pamakina, mtima n'kumandiwawa ngati andithira tsabola pabala.

Mlangizi sanabwere Loweruka lake lometa. Achimwene anati mwina watanganidwa. Ine ndinati mwina ali ndi manyazi, ndipo ayenera kukhala nawo.

Tsiku lolandira mankhwala litakwananso, sindinadikire kuti achimwene andipemphe. Ndinatseka makina, n'kuwatsogolera ndine kuchipatala. Titangolowa m'kachipinda ka Mlangizi kaja, ndisanakhale n'komwe, ndinayamba.

"Munati zithera m'chipinda muno. Chipinda chanuchi chili ndi matayala? Chinafika bwanji pa babashopu?"

"Achemwali, khalani kaye pansi," anatero Mlangizi. "Zinandikhudza kwambiri. Mayi uja tamudzudzula. Amayenera kufikira kunyumba basi."

"Musandiuze za mayi uja. Anamutuma ndani?"

"Ndi makina a bungwe lija amene amasankha. Ine ndimangolemba zomwe munthu wanena. Kusintha yankho la munthu ndi mlandu, ntchito ikhoza kunditheranso."

"Nanga kuwauza kuti folo imabwera ndi njinga yamoto, unalinso mlandu? Munamva ndi makutu anu chifukwa chomwe ankakanira teni. Munaseka mpaka misozi."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. "Mukudziwa, anthu onse amangoti teni, teni, kuti azipita kwawo msanga. Ngakhale amene mabotolo awo amabwerera odzaza. Akuluakulu ankatifinya kuti gulu lowayendera lilibe anthu, ngati kuti sitikugwira ntchito. Ndiye a Lumo atanena folo, ndinaganiza kuti, aaa, munthu wake ndi wosavuta, amuyendera kamodzi, aona kuti zonse zili bwino, basi."

Sikunali kuiwala, sikunali kulakwitsa. Anamusankha mnzakeyo chifukwa ndi wosavuta, ngati mmene umasankhira nkhuku yosathawa. Ndinamva kuperekedwa, ndipo ndinkafuna kumugubuduzira tebulo lija ndi makwerero ake omwe.

"Achemwali, basi," anatero achimwene. Mawu awo anali otsika, ngati akufunsa kasitomala kuti tichepetse pati. "Madzi akatayika saoleka. Dokotala, ine sindinabwere ndi mlandu. Ndili ndi pempho limodzi. Loweruka likubwerali mubwere mudzamete. Anthu amakudziwani kuti ndinu a chipatala. Akakuonani pampando panga, lumo lili pakhosi panu, adziwa kuti palibe choopsa. Pakamwa panga sangakhulupirire, koma mutu wanu aukhulupirira."

"Zimenezo zokha? A Lumo, ndibwera. Onani tsitsili, lafika poti akunyumba akundiseka." Anaseka, koma anaseka yekha. Kenako anakoka chikatoni chija n'kuchiika pakati pa tebulo. "Koma nanunso mundithandize. Lero ndi tsiku lofunsanso mafunso aja. Mukalozanso folo, mayi uja abweranso, ine sindingamuletse. Lozani teni, nkhani ithe."

Achimwene anayang'ana makwerero aja nthawi yaitali. Wina angaseke kuti kanambala n'kachiyani, koma ine ndinakula nawo munthuyu. Kwa iwo kunena teni kunali kuimirira pamaso pa Mulungu n'kumuuza kuti za mawa ndazigwira ndekha. Ndinaona chala chawo chikukwera mpaka pamwamba. "Teni," anatero. Funso lachiwiri, teni. Lachitatu, teni.

Mlangizi anadina zonse mwachangu, nkhope itawala. "Kuchoka pa folo kufika pa teni! Akuluakulu aona kuti maulendowa akuthandiza." Anazindikira mochedwa kuti wanena mokweza. Titafika pa babashopu, achimwene anandifunsa ngati ndili ndi nsalu yabwino yoti ndiwasokere chofunditsa makasitomala chatsopano.

Ndinasoka, cha buluu, cha mpendero woyera. Loweruka achimwene anafika kusanatenthe. Anakolopa, anapukuta galasi ndi nyuzipepala, anathira mafuta m'makina. Kenako anachita zomwe sanachitepo: anakoka mpando uja mpaka pakhomo penipeni, kuti aliyense wodutsa aone amene wakhalapo. Anandipempha kuti ndisunthe makina anga pang'ono, ndisatchinge. Makaniko uja atabwera, anamumeta mofulumira, maso ali kumsewu, kuopa kuti Dokotala angapeze mpando uli ndi munthu.

Dzuwa linafika pamutu. Linapendeka. Kutsidya kwa msewu anthu anali atakhala mpaka pa njerwa, kudikira makina ouzira mpweya aja. Achimwene ankati akapinda chofunditsa chija, n'kuchitambasulanso. Kawiri konse anandiuza kuti Loweruka kuchipatala kumakhala misonkhano.

Chakumadzulo, mithunzi itatalika, Mlangizi anatulukira. Anavala kapusi, chinthu chomwe sindinamuonepo atavala. Sanalowe. Anaima m'mphepete mwa khonde, pafupi ndi makina anga, manja ali m'matumba.

"A Lumo, pepani, lero zandipanikiza. Ndangoti ndidutse ndikupatseni moni. Tipangana tsiku lina."

"Mpando ndi uwu, Dokotala. Mphindi zochepa."

"Ayi, akundidikira kunyumba."

Ine ndinali pafupi naye kuposa achimwene, ndipo ndinali nditaona kale. Pakolala ya malaya panali timatsitsi tatifupitifupi, ndipo pakhosi panali payera paudala. Achimwene nawo ndi wometa, fungo la paudala amalimva ali kutali.

"Vulani chipewa, Dokotala."

Anazengereza, kenako anavula. Mutu unali wometedwa kumene, mzere wa pachipumi utapita chammbali.

"Si ine, a Lumo," anatero, akuyang'ana pansi. "Ndi akunyumba. Nkhani ija inawafika, ndiye mukudziwa azimayi, akuti ana, akuti chiyani. Ine ndikudziwa kuti palibe vuto, ndimaphunzitsa anthu zimenezi. Koma mtendere wa m'nyumba..."

Achimwene sanamve zonsezo, kapena anamva koma sanazisamale. Anali akuuzungulira mutu uja ndi maso, ngati mmisiri amene wapeza khoma lomangidwa ndi wina.

"Akuchekani kuseri kwa khutu," anatero. "Muli ndi kanjerewere pamenepo. Pamafunika kupazungulira, osadutsitsa makina. Simunawauze?"

"Sindinkadziwa kuti ndili nako."

"Simukanadziwa. Pakutuluka magazi, taimani."

Analowa m'katimo, anatenga thonje, analinyowetsa ndi sipiriti, n'kubwera nalo. Anatambasula dzanja monga achitira kwa zaka zonsezi. Thonje lisanafike, Mlangizi anabweza mutu. Sanathawe. Anangoupendeketsa pang'ono, ngati munthu wozinda ntchentche, ndipo dzanja la achimwene linatsala m'malere.

Tonse atatu tinaona. Kutsidya kwa msewu nakonso ena anaona.

Achimwene analiyang'ana thonje lija, n'kuliika bwinobwino pamphepete pa makina anga. "Dzipukuteni nokha, Dokotala. Pangatukusire."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Achemwali, tandigwirirani mpandowu, tiulowetse."

Tinaunyamula awiri. Lolemba m'mawa ndinatsegula makina anga pakhonde monga mwa nthawi zonse, koma kuseri kwanga chitseko chinakhala chotseka, ndipo tsache silinamveke.